Nthaka ya ku Domasi ndi Lamulo la Malimidwe

Taonani mtsinje wa Domasi nyengo ya dzinja, umo ufiirira ndi dothi la m'minda yathu, nukalitaya ku Chilwa. Boma la atsamunda linaona ichi, ndipo m'chaka cha 1946 linaika lamulo losunga nthaka, nilikakamiza anthu kuleka matutu ndi kulima mizere yopingasa pamtsetse. Nzeruyo inali yoona, pakuti mzere wopingasa uimitsa madzi kuti alowe pansi. Koma alangizi anadza ndi chindapusa ndi ndende koposa chiphunzitso. Chifukwa chake anthu anada malimidwe pamodzi ndi eni ake. Lero atsamunda kulibe. Nanga ife otentha makala pa phiri la Malosa tidzanamizira yani? Abale, nthaka ikapita ku Chilwa sibwerera.