Ng'oma ya Osalipidwa a pa Bwalo la Sevens

Lira mbalule, lira! Mpanje vomera pansi, ndi! ndi! ndi! Lero ng'oma sikuitana akatswiri a pa wailesi yakanema. Ikuitana a m'mphepete mwa bwalo, amene amasenza tsiku la rugby ya anthu asanu ndi awiri m'makalabu ang'onoang'ono a ku Britain, m'miyezi ya June ndi July, pamene 9 koloko ya usiku imakwana kunja kukadali koyera.

Tiyambe ndi makolo, poti ng'oma siidumpha manda. Ned Haig! Mwana wa ku Jedburgh, Mwinimpeni wa ku Melrose, Wodula nyama amene anadula timu! Inu ndi abwana anu a m'butchala, David Sanderson, munaona thumba la kalabu litabooka, munati tichite mpikisano wa tsiku limodzi tipezepo kangachepe. Nanga masewero aatali a anthu 15 mbali iliyonse angakwane angati dzuwa lisanalowe? Munachotsa asanu ndi atatu, otsalawo n'kuwasiyira bwalo lonse kuti aziona okha. Pa 28 April 1883, pa Greenyards, m'tsinde mwa mapiri a Eildon, Melrose inagonjetsa Gala n'kunyamula chikho chopereka amayi a m'tauniyo. Chikho cha dziko lonse, chimene anayamba kulimbirana ku Murrayfield mu 1993, anachitcha Melrose Cup. Fiji inavala golide wa Olimpiki ku Rio mu 2016. Zonsezo zinatuluka m'thumba lobooka lija, Haig iwe, Msaukawanzeru!

Ndi! ndi! Bwerani poyera inu Alawirira, Mwinipenti woyera, Woponda mame anzanu ali m'tulo! Mamita 100 uku, 70 uku, mzere uli tswii, wosakhota. Mwazika mbendera, mwakulunga mitengo ya golo ndi zofewa kuti mwana wa eni asaswe mutu. Pofika masana mzere wanu afufuta ndi nsapato, ndipo palibe wafunsa dzina lanu.

Inu Msungamphindi, Mayi wa pa thebulo, Mwinichimkuzamawu! Zisanu ndi ziwiri kupita, ziwiri kupuma, zisanu ndi ziwiri kubwerera, tulukani ena alowe! Timu ina yachedwa pamsewu, ina yabwera ndi anthu asanu ndi mmodzi ikupempha wobwereka, ina yavala mtundu wofanana ndi adani ake. Inu pepala m'manja, pensulo kukhutu, mabwalo atatu m'mutu umodzi. Mkwiyo mumameza ndi tiyi wozizira.

Inu Mwiniwezulo, Kathamanga wosagoletsa, Wotukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri! Mwatulutsa khadi lachikasu, wolakwa akakhale panja mphindi ziwiri, anzake asanu ndi mmodzi atsale akulira ndi bwalo. Wina wagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere, mapointi 5. Akaumenya pakati pa mitengo m'masekondi 30, ena 2. Ndiye ogoletsa omwewo ndiwo ayambitsenso. Mupumira pati, Chifuwachanjovu?

Inu a madzi, Mtsinjewoyenda, Onyamula zidebe za ayezi! Inu a chithandizo choyamba, Amangamabala, Okana osauma mtima, amene mumauza chimphona chogunda mutu kuti lero basi, khala pansi, chingakhale chikulumbira kuti chili bwino! Inu ootcha masoseji, Maso ofiira ndi utsi, makobiri anu ndiwo adzagule majezi a ana chaka chamawa! Nthungululu kwa nonsenu, lululu!

Tsopano mbalule sintha mawu, wafika mwini nyimbo. Wojambula! Disolalitali, Mgwadapaudzu, Msakawosapha! Mumagwada kuseri kwa mzere wotsiriza kuti othamanga azibwera chakumaso kwanu, kamera ili m'munsi kuti munthu wamba aoneke chimphona. Lenzi ya mamilimita 300 ikulemera pamkono, diso la kamera likuphethira kamodzi pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, chifukwa mukazengereza pang'ono miyendo isanduka utsi. Mpira uwu saponyera kutsogolo, umayenda cham'mbuyo dzanja ndi dzanja, ndiye inu simutsata mpira, mumatsata mpata. Mumadziwa kuti wa kumapeto uja, wowondayo, ndiye atulukire, ndipo mumamudikira ngati mphaka pa una wa mbewa. Thwa! thwa! thwa! Mwamugwira ali m'malere, lilime panja, dzanja la mdani litakola m'jezi.

Dzuwa la paliwombo ndi mdani wanu, Mpsakhosi. Limaika mdima m'maso mwa osewera, jezi yoyera n'kuyaka mbee, mpweya wotentha ukunjenjemera pamwamba pa udzu mpaka nkhope za kutali zisungunuke. Mumasuntha, mumazungulira, mumasaka mbali imene kuwala kukugwera bwino. Ndipo poti kuno ndi ku Britain, mtambo umabwera osagogoda, wa-a-a mvula, inu kamera m'jumbo, msana wanu unyowe. Ena amati dikirani kuwala kokoma kwa madzulo, kwa ndime yomaliza. Ine ndimatama inu amene simunyoza masewero a 11 koloko, a matimu amene agonja kale kawiri, oonerera ake ali agalu awiri ndi agogo pampando wopinda.

Pajatu amene mukuwajambulawa si a malipiro. Uyu ndi namwino wachoka ku ntchito ya usiku, uyu wokonza mipope, uyu mphunzitsi, uyu mayi wa ana atatu wagwetsa mnzake phi! n'kumudzutsa yekha. Nyuzipepala siidzalemba za iwo. Lolemba akanena kuntchito kuti ndinathamanga theka la bwalo osakhudzidwa, anzawo aseka. Mboni ndinu, Mtsekapakamwa pa okayika!

Gu! gu! gu! Chikho chaperekedwa, anzanu ali pa mowa, otola zinyalala akuwerama, a mbendera akuzula. Inu muli pa kompyuta, khosi likuyabwa, mawondo obiriwira, kusankha, kutaya, kuwongola. Foni nayo siigona: changa chili kuti, kodi munandiona, chotsani chija ndatseka maso! Mumawatumizira onse, ulere, dzina ndi dzina. Wosaoneka m'chithunzi chilichonse, Mwinidiso la kalabu, Wolipidwa soseji imodzi yozizira, imirirani tikuoneni! Mbalule menya, mpanje menya, ndi! ndi! ndi!