Credo ndi "ndi" amene makwaya amameza

Afalansa anatenga mawu oti credo ku Chilatini monga momwe alili, koma anawapatsa ntchito ina. M'Chilatini ndi mneni, ndipo "o" wa kumapetoyo ndiye akuloza mwini mawu: ine. M'Chifalansa liwuli linasanduka dzina, un credo, mfundo zimene ngakhale chipani cha ndale chimatha kukhala nazo papepala. Ansembe a White Fathers, ambiri a iwo olankhula Chifalansa, amene anatsegula misoni ya Kachebere mu 1903, ankadziwa ma credo onse awiri, koma pa guwa ankaimba wa Chilatini.

Msonkhano wa Vatican II utalola zilankhulo za anthu pa Misa mu 1963, mtolo unagwera opeka nyimbo. Chinyanja chimene Akunda a ku Mambwe amapempherera, kaya ku parishi ya Chikowa kaya m'timatchalitchi ta kufupi ndi Mfuwe, chimagwirizana ndi Chilatini: "ndikhulupirira" ndi liwu limodzi lonyamula mwini wake. Kusiyana n'koti "ndi" ali kutsogolo, ndipo maphatikizo ndi asanu ndi limodzi pomwe credo ali ndi awiri okha.

Apa ndi pamene luso limaonekera. Wopeka waphuma amaika "ndi-khu-lu" ng'oma isanagunde, wotsogolera n'kuwathamangitsa yekha. Mpingo umalowa ng'oma ikagwa, ndiye chimamveka kumbuyo kwa tchalitchi ndi "pirira", ngati tikulimbikitsa wodwala. Ena amapatsa wotsogolera ndime zonse, anthu n'kumangovomera kolasi. Kuyamba ndi kuvomera n'kwathu ndithu, ndipo pa nyimbo ya zopereka kumakoma. Koma pano kumachititsa chikhulupiriro kukhala chinthu chomvetsera, credo wa Afalansa uja.

Wina anganene kuti mabishopu a ku Nicaea mu 325 analemba credo wawo m'Chigiriki ndi "ti" wa "tikhulupirira", osati "ndi". N'zoona, ndipo woimbitsa wosankha "ti" sindingakangane naye, bola mpingo wonse umutchule.

Oimbitsa odziwa ntchito amayamba ndi ng'oma yokha, anthu apume kaye, kenaka "ndi" agwere pa kugunda koyamba, onse pamodzi. Amakokanso phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, "ri", monga timachitira polankhula. Nyimbo imatalikirako, ndipo nyengo yotentha ya mu Okutobala ku chigwa cha Luangwa alipo amene amadandaula.