Magetsi a mu Ubongo: Anthu Asanu Sangapereke Yankho Lonse

Mu December 2023, magazini ya Nature Medicine inafalitsa kafukufuku wa gulu la Nicholas Schiff wa ku Weill Cornell Medicine ndi Jaimie Henderson wa ku Stanford, ku America. Madokotalawa anaika timawaya mkatikati mwa ubongo, m'chigawo chotchedwa thalamus, mwa anthu asanu ndi mmodzi omwe anavulala kwambiri m'mutu zaka 3 mpaka 18 m'mbuyomo. Timawayati tinkatumiza mphamvu ya magetsi maola 12 patsiku. Patatha miyezi itatu, onse asanu omwe anafika kumapeto kwa kafukufukuyu ankamaliza msanga mayeso olumikiza manambala ndi zilembo papepala, ndipo kusinthaku kunali pakati pa 15 ndi 52 peresenti.

Maziko a kafukufukuyu ndi omveka. Thalamus ndi mphambano ya mitsempha yothandiza munthu kukhala tcheru, ndipo ngozi ikadula ina mwa mitsemphayo, yotsalayo imafooka. Kuidzutsa ndi magetsi ndi nzeru yoyenera kuyesedwa.

Vuto lili pa umboni. Panalibe gulu lina loyerekezera nalo, ndipo odwala onse ankadziwa kuti makina ayatsidwa. Munthu amene wachitidwa opaleshoni yaikulu amayembekezera kuchira, komanso wobwereza mayeso amodzimodzi amawazolowera. Njira yothetsera chikaikochi inali kuzimitsa makinawo mwachinsinsi kwa milungu itatu. Awiri anakana, poopa kubwerera mwakale. Mwa atatu omwe anavomera, makina anazimitsidwa mwa mmodzi yekha, ndipo iye anayambanso kuchedwa pa mayeso. Kukana kwa awiriwo n'kokhudza mtima, koma sikungalowe m'malo mwa muyeso. Gawo lodalirika kwambiri la kafukufukuyu latsamira pa munthu mmodzi.

Palinso chisokonezo chimene achipatala ayenera kupewa polankhula ndi achibale a odwala. Anthu asanuwa sanali chikomokere: ankayenda ndi kulankhula, koma ankavutika kusumika maganizo pa ntchito. Nkhani ya bambo wa zaka 38 yemwe anayamba kulankhula ndi kudya pakamwa ataikidwa timawaya totere, imene Schiff ndi anzake anafalitsa mu 2007, inali ya wodwala wosiyana nawo, ndiponso mmodzi yekha.

Kafukufukuyu wasonyeza kuti opaleshoniyi ndi yotheka. Zoti imabwezera munthu ku sukulu kapena kuntchito zikudikira kafukufuku wa anthu ambiri, momwe wodwala ndi womuyeza sadziwa ngati makina akuyaka.