Za Maina a Maudindo a Asilikari

Tiri ndi mau odandaula pa chizolowezi chimene chafala pakati pa alembi ndi owerenga nkhani, cha kutchula munthu aliyense wolamula pa nkhondo kuti "mkulu wa asilikari." Kuno ku Mzuzu, kumene tikhala moyandikana ndi asilikari a ku Moyale Barracks, timamva mau awa pa maliro, pa maukwati ndi pa wailesi. Sajeni ali mkulu wa asilikari, Meja ali mkulu wa asilikari, Jenerali nayenso chimodzimodzi. Titi ulemu umenewu ndi wa ulesi, pakuti ubisa chinthu chimene ana athu ayenera kuchidziwa.

Olamula asilikari ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndilo la iwo amene akwera kuchokera pakati pa asilikari wamba: Kopolo, wovala mizere iwiri pa mkono, Sajeni, wovala itatu, ndi pamwamba pao Sajeni Meja. Gulu lachiwiri ndilo la maofesala, amene alandira ulamuliro wao ndi kalata ya mutu wa dziko, kale Mfumu ya ku England, lero Pulezidenti. Iwo ayamba pa Lefutenanti, nakwera kukhala Kaputeni, Meja, Lefutenanti Colonel, Colonel, Brigadier, kufikira maudindo a Jenerali. Lefutenanti atsogolera anthu ngati 30, Meja anthu ngati 100, ndipo Lefutenanti Colonel asunga bataliyoni yonse. Mnyamata wongolandira kumene u-Lefutenanti aposa pa lamulo Sajeni Meja wa imvi, ngakhale aphunzira nchito kwa iye.

Tsono mpanda wa pakati pa magulu awiriwa ndiwo uli ndi mbiri. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. M'mabataliyoni awiriwo maofesala anali Azungu, ndipo munthu wakuda, angakhale wolimba mtima chotani, analekezera pa Sajeni Meja. Dzina la Moyale likumbutsa nkhondo ya mu 1940, pamene asilikari a kuno anamenyana ndi Ataliyana pa malire a Kenya ndi Ethiopia. Koma panalibe mmodzi mwa agogo athu aja amene anali ofesala. Mu 1964 bataliyoni yoyamba ija inasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamula asilikari onse a dziko. Wolemba amene atcha Sajeni Meja wa 1940 ndi Matewere ndi dzina limodzi afafaniza ulendo wonsewo osadziwa.

Ena adzati, Kodi chilankhulo chathu chiribe mau akeake? Chinali nao, koma analowa nchito zina. M'Buku Lopatulika, lotuluka mu 1922, Namani atchedwa kazembe wa nkhondo. Lero kazembe ndiye woimira dziko lake kunja. Angoni a M'mbelwa, oyandikana nafe, anali ndi zinduna zotsogolera magulu a nkhondo. Lero pa Chichewa nduna ndiye wosunga unduna wa boma. Kapitao, mau ochokera kwa Apwitikizi, anapita ku minda ya tiyi ndi ku misewu, nakhala woyang'anira anchito. Ndipo omasulira omwewo, pofika pa Mroma wolamula anthu 100, sanachite manyazi kubwereka, nalemba kenturiyo. Ife tiopanji?

Mau obwerekawa ali ndi nzeru m'kati mwao, munthu akawasenda. Kapitao ndi Kaputeni ali pachibale, pakuti onse atuluka ku liu la Chilatini lotanthauza mutu. Ndipo akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Sajeni poyamba anatanthauza mtumiki. Lefutenanti ndiye wogwirizira malo a mnzake wamkulu. Apa tipeza yankho la funso limene lizunguza ana a sukulu: bwanji Lefutenanti Jenerali aposa Meja Jenerali, pamene Meja aposa Lefutenanti? Chifukwa chake nchakuti Meja Jenerali kale anatchedwa Sajeni Meja Jenerali, ndipo liu loyambalo linagwa m'kupita kwa zaka.

Sitikana kuti "mkulu wa asilikari" ali ndi malo ake, pamene wonena sadziwa udindo weniweni. Koma wolemba ali ndi nthawi ya kufunsa. Chotero tipempha aphunzitsi, alaliki ndi alembi kuti atchule munthu ndi udindo wake, Kopolo akhale Kopolo, Meja akhale Meja. Makamaka poika maliro a msilikari wakale, wowerenga mbiri yake afunse kwa abale kufikira adziwe bwino, pakuti mizere itatu ija mwini wake sanaitole pa njira.