Luso lofunsa mbewa funso loyenera

Kuyesa mankhwala a zilonda pa mbewa ndi luso, ndipo mmisiri wake amadziwika ndi funso limene wafunsa, osati kuchuluka kwa mbewa zimene wagwiritsa ntchito.

Ntchito imayambira pamsana pa kanyamako. Amameta ubweya n'kubaya pansi pa khungu tizilombo ta Staphylococcus aureus, toyambitsa zithupsa. Mbewa zina amazipatsa mankhwala, zina ayi. Pakapita masiku amayeza chilonda n'kuwerenga tizilombo totsala tamoyo. Katswiri amaonetsetsa kuti woyezayo asadziwe mbewa imene yalandira mankhwala, poti maso amaona zimene mtima ukufuna. Amadziwanso kuti chilonda cha mbewa chimatsekeka chifukwa khungu lake limakokana, pomwe cha munthu chimadalira kwambiri khungu latsopano. Choncho kuchepa kwa chilonda si umboni wakuti tizilombo tafa.

Mbiri ya mankhwala otchedwa daptomycin imaonetsa bwino lusoli. Kampani ya Eli Lilly, imene likulu lake lili mumzinda wa Indianapolis, inapeza mankhwalawa m'ma 1980 kuchokera ku tizilombo ta m'dothi la kuphiri la Ararat ku Turkey. Atawayesa pa anthu kawiri pa tsiku, ena minofu inawawawa ndi kufooka, ntchito n'kuima. Mu 1997 kampani ya Cubist inawatenga n'kufunsa funso lina: kodi vuto ndi kuchuluka kwa mankhwala, kapena kuwapereka pafupipafupi? Anayesa pa agalu, napeza kuti mlingo womwewo wa tsiku ukaperekedwa kamodzi, minofu imapeza mpata wochira. Mu 2003 mankhwalawa anavomerezedwa ku America pochiza matenda aakulu a pakhungu.

Komabe atawayesa pa odwala chibayo sanathandize mokwanira. Kafukufuku wotsatira, wophatikiza mbewa, anasonyeza kuti timadzi ta m'mapapo timawalanda mphamvu. Yankho la pakhungu silinali yankho la m'chifuwa.

Kwa ine, umisiri weniweni wagona pamenepa: kudziwa zimene nyama ingakuuze ndi pamene mawu ake athera. Kuthamanga sikufika. Inu ophunzira a sayansi kuno kwathu, musanagwire jekeseni, lembani funso lanu momveka, chifukwa mbewa iliyonse yofa popanda funso labwino yafa pachabe, ndipo wodwala akadali kudikira.