Uthenga wa Maliro M'seŵero Loseketsa: Maganizo a Oonera pa Gawo la "Abyssinia, Henry"

Lachiŵiri pa 18 Malichi 1975 wailesi ya kanema ya CBS ku America inaonetsa gawo lotsiriza la chaka chachitatu cha seŵero la M*A*S*H, ndipo m'masabata otsatirawo okonza seŵerolo analandira makalata oposa 1,000, ambiri a iwo okalipa. Chimene chinaputa mkwiyo wonsewo ndi ziganizo zinayi zimene mtengambali mmodzi analankhula chakumapeto kwa gawolo. M'pepala lino tifuna kuŵerenga maganizo a oonerawo, akale ndi atsopano omwe, monga umboni wa m'mene anthu amamvera mawu molingana ndi malo amene mawuwo anenedwera. Ganizo lathu ndi lakuti okalipa a mu 1975 anamva chiyankhulo cha gawoli bwino kuposa ambiri amene amalitamanda lero, ngakhale kuti mlandu umene anaimba alembi sitiuvomereza.

M*A*S*H ndi seŵero lonena za madokotala ndi anamwino a chipatala cha asilikali cha 4077 pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. Linachokera m'buku la Richard Hooker la 1968 ndi filimu ya Robert Altman ya 1970, ndipo linaonetsedwa kuyambira 1972 kufikira 1983. Mkulu wa chipatalacho m'zaka zitatu zoyamba anali Henry Blake, dokotala wa ku Bloomington m'boma la Illinois, munthu wofatsa, wosadziŵa kulamula, wokonda kuŵedza nsomba koposa usilikali. Pamene McLean Stevenson, amene ankaseŵera ngati Henry, anafuna kusiya seŵerolo, Larry Gelbart ndi Gene Reynolds anagwirizana kuti Henry asafike kwawo. Gawolo analemba Everett Greenbaum ndi Jim Fritzell. Pafupifupi lonse ndi lotsanzikana: Henry wauzidwa kuti ntchito yake yatha, aimbira foni banja lake, anzake amuchitira phwando namupatsa suti yatsopano, ndipo akwera helikopita atakumbatira kalaliki wake wachinyamata, Radar. Kenaka tikuona chipinda cha opaleshoni, madokotala ali kalikiliki. Radar aloŵa wosaphimba pakamwa. Wina amuuza kuti avale chophimbacho, Hawkeye aponyapo nthabwala yakuti mwina kalatayo ndi yomumasula iyeyo, ndipo Radar anena mawu amene tingaŵatembenuze motere:

(1) Ndili ndi uthenga.
(2) Ndege ya Lieutenant Colonel Henry Blake yawomberedwa pa Nyanja ya Japan.
(3) Inazungulira n'kugwa.
(4) Palibe amene wapulumuka.

Tiyambe taona mamangidwe a ziganizozi, pakuti mkangano wonse wagona pamenepa. M'ziganizo zonse zinayi mulibe mneni wa imfa, ndipo palibe pamene Henry ali mwininkhani. M'chiganizo (2) mwininkhani ndi ndege, Henry wangotchulidwa ngati mwini wake wa ndegeyo. Mneni wa m'Chingelezi, "was shot down", ali mu msintho wochitidwa, ndipo wowomberayo sanatchulidwe. Chiganizo (3) ndi mawu atatu aafupi ochokera m'kalankhulidwe ka oyendetsa ndege. Chiganizo (4) chikungokana kuti panali opulumuka, kotero kuti womvera ayenera kudzitsirizira yekha m'mutu mwake kuti Henry wafa. Chinanso ndi katchulidwe ka dzina. Kwa zaka zitatu Hawkeye ndi Trapper ankamuitana mkulu wawo kuti Henry basi, ngati mnzawo wa pamoŵa, ndipo zambiri zoseketsa za m'seŵerolo zinkachokera pa kupeputsa maudindo kumeneku. Pano udindo wonse ndi maina onse aŵiri zabwera pamodzi, m'mene zimalembedwera pa fomu ya boma. Gary Burghoff, amene ankaseŵera ngati Radar, anaduladula chiganizo (2) ndi kupuma kangapo, ngati munthu amene pakamwa pake pakukana mawu a eniake.

Madandaulo a m'makalata aja tingaŵaike m'magulu mosavuta, koma si onse amene ali ndi phindu kwa ife. Ena ankati okonza seŵero anamupha Henry pofuna kulanga Stevenson chifukwa chochoka, kuti asadzabwererenso. Imeneyo ndi nkhani ya mitima ya anthu, ndipo m'ziganizo zinayi zija sitingapezemo yankho lake. Ena ankati imfayo inali yosafunika, popeza munthuyo anali atachoka kale ndipo nkhani ikanatha bwino lomwe pa helikopita paja. Dandaulo lalikulu, limene tifuna kukhalitsapo, linali lakuti imfa yotere ilibe malo m'seŵero loseketsa, ndi kuti oonera anapusitsidwa.

Dandaulo limeneli kaŵirikaŵiri limakankhidwira pambali ngati kulira kwa anthu osafuna kumva zoona za nkhondo. Ife tikuona kuti pamenepo pali kupeputsa. Aamerika a mu 1975 sanali alendo ku mauthenga otere. Kwa zaka khumi anali atamva pa nkhani za madzulo ziganizo zomangidwa ndendende ngati (2) ndi (4), zochokera ku Vietnam. Patangotha masabata aŵiri ndi theka gawoli litaonetsedwa, pa 4 Epulo 1975, ndege ya asilikali a America yonyamula ana amasiye inagwa pafupi ndi Saigon ndi kupha anthu 138, ndipo pa 30 Epulo mzindawo unagwa. Chimene oonera anazindikira msanga ndi chakuti Radar sanalankhule Chingelezi cha M*A*S*H. Analankhula Chingelezi cha pa nkhani ndi cha telegalamu ya boma, chimene iwo ankayesa kuti achitsekera kunja pa theka la ola limenelo. Pamene ankati apusitsidwa, ankanena m'mawu awo chinthu chimene ife a zinenero timachidziŵa bwino: mtundu uliwonse wa zolankhula umakhala ndi pangano lake losalembedwa pakati pa wolankhula ndi womvera, ndipo womvera amatanthauzira chiganizo chilichonse modalira panganolo. Wotsogolera nthano akati "Padangokhala" ndipo ana ayankha kuti "Tili tonse", palibe mwana amene amayembekezera kuti pakati pa nthanoyo auzidwa za maliro enieni a m'mudzi.

Komabe funso ndi lakuti pangano la M*A*S*H linali lotani, ndipo apa ndi pamene tisiyana nawo okalipawo. Chizindikiro chachikulu cha seŵero loseketsa pa kanema wa ku America m'zaka zimenezo chinali chikhakhali chojambulidwa kale, chimene ankachiika pambuyo pa nthabwala iliyonse pouza woonera kuti apa seka. Gelbart ndi Reynolds sankachifuna chikhakhali chimenechi, koma a CBS anaumirira, ndipo anamvana kuti chizimveka kwina konse kupatula m'chipinda cha opaleshoni. Ndiye kuti kuyambira 1972 seŵerolo linali ndi malo aŵiri a chiyankhulo. M'mahema ndi m'chipinda chodyera nthabwala inkalandiridwa ndi phwete. M'chipinda cha opaleshoni nthabwala zinalipo ndithu, koma zinkagwera pa chete, pakati pa magazi. Gawo la Henry linali la 72. Woonera wokhulupirika anali ataphunzitsidwa kwa magawo 71 kuti m'chipinda chimenechi mawu amalemera mwa mtundu wina, ndipo alembi anaika uthenga wawo m'chipinda chomwecho. Akanautengera ku hema la Hawkeye, kapena ku phwando lija, dandaulo la kupusitsidwa likanakhala ndi miyendo. M'mene zilili, iwo anangogwiritsa ntchito lamulo limene anali atalikhazikitsa poyera.

Pali umboni wina umene okonza za chiyankhulo pa mawailesi ayenera kuulingalira. Ku Britain, BBC inkaonetsa seŵeroli popanda chikhakhali chija. Mawu a atengambali anali omwewo, zithunzi zomwezo, koma woonera wa ku London sanali ndi malire aja pakati pa malo osekera ndi malo osasekera, popeza kwa iye ponseponse panali chete. Tinganene kuti iye ndi mnzake wa ku Chicago ankaonera maseŵero aŵiri osiyana, ndipo kusiyanako kunali m'phokoso limene si mawu konse. Pamene seŵeroli linatuluka pa DVD, wogula anapatsidwa mwayi wosankha yekha kumva chikhakhalicho kapena kuchizimitsa, ndipo okonda seŵeroli amatsutsanabe kuti lenileni ndi liti.

Maganizo anatembenuka m'kupita kwa zaka. Mu 1997 magazini ya TV Guide inaika gawoli pa mndandanda wa magawo 100 opambana a pa kanema, ndipo lero ambiri okonda M*A*S*H amalitchula pakati pa magawo abwino koposa. Koma chifukwa chimene amapereka kaŵirikaŵiri n'chofooka. Amati mphamvu ya chithunzi chomalizacho ndi yakuti oseŵera sankadziŵa kanthu, kotero kuti chisoni chimene tikuona ndi chenicheni. Zoona zake n'zakuti tsamba lomaliza linabisidwa kwa onse kupatula Alan Alda kufikira tsiku lojambula, koma oseŵera anapatsidwa tsambalo asanajambule, ndipo chithunzicho chinajambulidwa kaŵiri. Ndiponso nkhope zawo zinali zophimbidwa, maso okha ndiwo ankaoneka. Otamanda otereŵa akuchotsa ulemu pa ntchito ya alembi n'kuupereka kwa ngozi, pamene wolemba kalata wa mu 1975, mu mkwiyo wake, analoza pa mawu enieniwo.

Chinanso chimene otamanda a lero ali nacho, chimene anzawo akale ambiri analibe, ndi mutu wa gawolo. Mitu ya magawo a M*A*S*H sinkalembedwa pa kanema kaŵirikaŵiri, koma tsopano aliyense amauona asanayambe kuonera. "Abyssinia" ndi nthabwala ya matchulidwe imene inafala ku America m'zaka za m'ma 1930: munthu akanena mofulumira mawu otsanzikira akuti "I'll be seeing you", amamveka ngati akutchula dzina lakale la Ethiopia. Tanthauzo lake ndi "tionana". Nthabwalayo ikugwirizana ndi msinkhu wa Henry, amene m'zaka zimenezo anali mnyamata, ndipo kwa wodziŵa mathero mutuwo umaŵaŵa, pakuti ukulonjeza chimene sichidzachitika. Tingonena modutsa kuti kwa ife a ku Africa dzinali si phokoso wamba. Linali pakamwa pa Aamerika m'zaka zomwe Italy inaloŵa m'dzikolo ndi nkhondo mu 1935, ndipo n'zodabwitsa kuti dzina limene kwa ena linali la maliro linasanduka choseketsa kwa ena.

Tsono titembenukire kwathu pang'ono, chifukwa ziganizo zinayi zija zimaika womasulira wa Chicheŵa pa mayeso oyenera kuŵaona. Mutu wa gawolo ngwosatheka kuumasulira; tikati "Tionana, Henry" tasunga lonjezo koma nthabwala yatayika, ndipo palibe chochitira. Vuto lokulirapo lili pa uthengawo. Mwambo wathu wolengeza imfa nawonso umapeŵa mneni "kufa", mwakuti munthu angaganize kuti Chicheŵa ndi Chingelezi cha Radar zikuchita chinthu chimodzi. Sizili choncho. Taonani ziganizo izi:

(5) A Blake atisiya.
(6) A Blake atsogola.
(7) Kwagwa zovuta.

Mu (5) womwalirayo ndiye mwininkhani, wapatsidwa ulemu wa "a-", ndipo wolankhula ndi omvera onse aloŵa m'kati mwa mneni kudzera mu "-ti-". Mu (6) muli lonjezo lakuti otsalafe tidzatsatira, limene kunena zoona ndi "tionana" yemweyo. Ngakhale (7), chimene sichitchula munthu, chimatsegula njira kuti womvera afunse, wouzayo akhale pansi, nkhani ifotokozedwe pang'onopang'ono. Kuzungulira kwathu kumasonkhanitsa anthu pa malirowo. Kuzungulira kwa telegalamu ya asilikali kumachotsamo anthu onse, wakufayo, womuphayo ndi wouzidwayo, n'kusiya ndege ndi nyanja. Womasulira amene angamvere Radar chisoni n'kumupatsa (5) adzakhala atalemba Chicheŵa chokoma, koma atachotsa chinthu chomwe chinalembetsa makalata 1,000 aja. Ayenera kulimba mtima ndi kusunga (2), ndi mneni wake wochitidwa wopanda wochita, ngakhale kuti khutu la Mcheŵa limva kuti mnyamatayo walankhula mopanda mwambo. Mwambo umene Radar akanatha kuusunga unali m'mapumidwe ake mokha, ndipo mapumidwe salembedwa m'dikishonale.

Tikudziŵa kuti ena mwa anzathu okonza mawu angafune kuti tiyambe tapeza dzina la Chicheŵa la seŵero la mtundu umenewu, losakaniza kuseka ndi chisoni. Ife sitikufulumira nalo. Aamerika eniake anaonera M*A*S*H kwa zaka zambiri akulitcha seŵero loseketsa, ndipo liwu lawo lakuti "dramedy" linafala m'zaka za m'ma 1980, oonera atazoloŵera kale chinthucho. Pamene gawo lotsiriza la seŵero lonse linaonetsedwa pa 28 Febuluwale 1983, anthu oposa 100 miliyoni anakhala pansi kwa maola aŵiri ndi theka kuonera nkhani imene Hawkeye ali m'chipatala cha odwala maganizo, ndipo m'gawo limenelo munalibe chikhakhali chojambulidwa ngakhale pamalo amodzi.