Manja m'Buku la Great Expectations

Ambiri a ife amene tinawerenga buku la Charles Dickens lotchedwa Great Expectations, limene linatuluka m'chaka cha 1861, timakumbukira msanga mawotchi a Mayi Havisham oima patatsala mphindi 20 kuti ikwane 9 koloko, ndiponso keke ya ukwati yowolera pa tebulo chiwathawireni mwamuna wao. Zizindikiro zimenezi nzoonekeratu, mwina mopitirira muyeso. Chimene chatigwira mtima powerenganso bukuli ndi chinthu chosachita phokoso: manja.

Taonani kumene tsoka la Pip likuyambira. Mwana wamasiyeyu, woleredwa pakhomo pa Joe Gargery wosula zitsulo, akusewera makhadi ndi Estella, ndipo mtsikanayo akumseka kuti manja ake ngokhakhala. Kufikira tsiku limenelo Pip sankadziwa kuti manja a ntchito nkuchititsa manyazi. Kuchokera pamenepo ayamba kunyansidwa ndi chipala cha Joe, pang'ono ndi pang'ono ndi Joe yemwe, munthu amene sanamlakwirepo. Makolo amene anaphunzitsa mwana ndi khasu, mwanayo nkumadzawaonera m'kona akabwera kutauni, sasowa wowamasulira ndime imeneyi.

Ku London tikumana ndi Jaggers, loya amene amasamba m'manja ndi sopo wonunkhira akatha kulankhula ndi anthu a milandu. Kodi ndani sangakumbukire Pilato? Komatu wantchito wa m'nyumba mwake, Molly, ali ndi zipsera pamkono, ndipo Pip poona zala za mayiyu akumbukira zala za Estella poluka, nazindikira kuti wonyada uja ndi mwana wa mkazi amene anazengedwapo mlandu wakupha. Apa Dickens wakokera mwangozi zinthu zambiri pamodzi, tivomereze. Koma dzanja lonyoza lija lapezeka kuti nlochokera kumene linkanyoza.

Pachimake ndi pamene Magwitch, mkaidi amene Pip ali mwana anambera chakudya ndi tupa yodulira unyolo, abwera kuchokera ku Australia natambasula manja onse awiri. Ndalama zonse zimene zinamsandutsa Pip njonda zinatuluka m'manja amenewa, koma Pip achita nawo nseru. Mpaka manja ake omwe atapsa populumutsa Mayi Havisham kumoto, ndi pamene tikumuona akusintha. M'bwalo la milandu, Magwitch akuweruzidwa kuti aphedwe, Pip wamgwira dzanja pamaso pa anthu onse, ndipo adzaligwirabe m'chipatala cha ndende kufikira mkuluyo atatsirizika.